Za geni ya ku Joni ndi achimwene anu odikira pepala aja

Asisi, mwafunsa kuti geni yokaoda ku Joni imayenda bwanji, komanso ngati achimwene anu aja amene akhala kumeneko zaka 11 koma pepala lawo lowaloleza kukhala m'dzikomo likadali ku Home Affairs (ofesi ya boma yoona za mapepala) angamakuperekezeni mtauni pokaoda. Ndiyambe ndi yophwekayo.

Basi timakwerera ku Devil Street konkuno ku Lilongwe, kutulukira boda ya Dedza, mlatho wa Tete, Nyamapanda, Harare kenako Beitbridge, ndipo pa Beitbridge ndi pamene mumadziwira kuti muli ndi mtima wanji chifukwa mzere wake mutha kufika usiku nkuchokapo dzuwa lili pamutu. Ife a pasipoti ya Malawi safuna viza, amangotidindira masiku osapitilira 30, koma muziwerenga chidindocho musanachoke pawindo, nthawi zina amalemba ochepa. Mukatsika basi pa Park Station ku Joniko mumakaoda ku Dragon City kaya ku China Mall, mabulangete, nsapato, zodzola, pobwera a MRA akukudikirani pa Dedza ndi duty yawo. Mutu umawawa pa ma rand, chigwereni kwacha mu November 2023 muja phindu limathera posintha ndalama.

Masiku aja osaseweretsa. Kuyambira 2014 ukapitiliza masiku amakudinda kuti ndiwe undesirable, ukapyola pang'ono chaka chathunthu osapondako, ukapyola ndi masiku oposa 30 ndi zaka 5. Geni yatha pompo.

Tsopano za achimwenewo, ine ndikuti asiyeni kunyumba. Mudabwa koma inu mlendo wa sabata imodzi ndinu otetezeka kuposa iwo tchona wa zaka 11, chifukwa inu chidindo chanu chikuoneka, iwo ali ndi kalisiti chabe kosonyeza kuti anapulaya. Mlamu wanga ndi momwemo, anakwatira konko, ana awiri pasukulu, Chizulu kulankhula ngati mwini wake. Tsiku lina anandinyamulira zikwama zamizeremizere zija, apolisi kutiimitsa, ine pasipoti anangoyang'ana nkundibwezera, iye kutulutsa fotokope ya lisiti yopindapinda mpaka manambala ena anafufutika mopindamo, wapolisi kungoti viza ya mu pasipoti inatha, kwera. Ndinatsala pamsewu ndi zikwama zitatu ndi foni yake m'manja, ikulira, akuimba ndi mkazi wake.

Malamulo alipo ndithu. Khoti lalikulu la kumeneko linagamula mu 2017 kuti womangidwa pa nkhani ya mapepala azikaonekera kukhoti pasanathe maola 48, ndipo lamulo lawo silola kusunga munthu wodikira kudipotedwa kupitilira masiku 120. Koma lamulo silikutsata lokha muselo, pamafunika wina panja wothamanga. Ifeyo tinapeza loya msanga, mkazi wake anabweretsa lisiti lenileni ndi setifiketi ya ukwati, anatuluka asanamutumize ku Lindela ku Krugersdorp komwe amasonkhanitsa oti abwezedwe kwawo. Ndalama ya loyayo inali mpamba wanga wa mabulangete, ulendo umenewo ndinabwera ndi theka la katundu, mpaka lero sanandibwezere koma nanga ndinganene chani, anamangidwa atanyamula zanga.

China chomwe anthu kuno samvetsa, amati bwanji sabwera kumaliro. Munthu wodikira pepala akatuluka boda viza itatha atha kudindidwa ngati wa ovasiteyi, wopitiliza masiku uja, ndiye amangokhala phee, kutuluka ayi, kuyenda momasuka ayi. Maliro a mayi ake mlamu wangayo anaonera pa WhatsApp.

Ndiye kagoneni kwa achimwenewo, nsima mukadye, akulozereni takisi yokwera. Mtauni mulowe ndi amayi anzanu a m'basi, ndipo musananyamuke muwauze ajambule lisiti lija akutumizireni, nambala ya loya muisunge mufoni yanu inunso.