Alamu, oilo wa galimoto asakhudze simoka ija

Alamu, mwaswera bwanji uko ku Chelstone? Zithunzi zija mwaponya pa gulupu ndaziona, ndiye ndati ndingojambula mawu poti nkhani yake ndi yaitali. Mwati simoka yanu yatsopano yowotchera nyama ndi utsi, ija anakuwotchererani anyamata a ku Kalingalinga, yayamba kale kufiira musanaikepo ndi nyama yomwe, ndiye mukufunsa ngati muibweze, muipake penti, kapena muthire oilo wakale wa galimoto monga wanenera msuweni wathu uja.

Ndiyambe ndi za oilozo, chifukwa zandidzidzimutsa. Ayi alamu, chonde. Oilo wotuluka mu injini amakhala ndi tizitsulo ndi zonyansa zapoizoni, ndipo akatentha utsi wake umathera mu nyama momwemo. Ameneyo ngwa pa geti ndi pa mitengo ya khola kuti chiswe chisadye. Msuweni, ndikudziwa mukumvetsera, musakwiye, pa za magalimoto timakuvulirani chipewa, koma apa pokha mwaphonya.

Kubweza musabweze. Chithunzi chachiwiri chija ndachikulitsa, dzimbiri limenelo ndi lapamwamba chabe, silinadye chitsulo. Chitsulo chimene anyamata aja amagwiritsa ntchito ndi chija amati mild steel, ndipo chikakhala chosapaka kanthu, chikangonyowa usiku umodzi, m'mawa chafiira. Komanso mwaitenga nthawi yovuta, mvula yangoyamba kumene mu Novembala muno, ndipo kuti isiye ndi Malichi kapena Epulo. Vuto si wowotcherera ayi. Chinthucho sichinakhwimitsidwe ndi mafuta ndi moto, basi.

Chimodzi chokha muwafunse anyamata aja: anapangira chiyani? Ngati ndi chitsulo chatsopano kapena paipi yokhuthala, zili bwino. Ngati ndi dilamu, adziwe kuti munkakhala chiyani, chifukwa dilamu ya mankhwala a m'munda siyophikira, ngakhale muitsuke bwanji. Muyang'anenso mawaya oikapo nyama aja. Akakhala otuwa mowala ngati malata atsopano, akhoza kukhala a galvanised, okutidwa ndi zinki, ndipo zinki ikapsa utsi wake umadwalitsa. Amenewo asinthe, aike achitsulo wamba kapena a stainless.

Manje ntchito yake ndi iyi. Loweruka kukacha ndi dzuwa, itulutseni pabwalo. Tengani burashi ya waya, sandipepa, ngakhale steel wool ija amakwechera mapoto, mupale paliponse pafiira mpaka chitsulo chioneke. Musathamange m'mizere mowotcherera, m'mahinjesi ndi kunsi kwa kabokosi ka moto, chifukwa madzi amabisala m'menemo. Pamene pakukanika thirani viniga, mudikire ngati theka la ola, kenako mupalenso. Mukatero tsukani mkati monse ndi madzi ofunda ndi sopo wa mbale, kuti fumbi la galayinda ndi girisi wa ku shopu zichoke. Sopo alowemo tsiku limeneli lokha, pambuyo pake ayi. Ndipo mukatsuka musanene kuti iuma yokha, ndipitiriza mawa. Mawa mudzapeza yafiira kuposa poyamba. Pukutani ndi nsalu, mukoleze kamoto pang'ono mu kabokosi kuti chinyezi chonse chiuluke.

Ikadali yofunda choncho, moti dzanja likupirira, ndi pamene mupake mafuta. Mafuta ake ndi saladi yomweyi ya m'khitchini, ya mpendadzuwa kapena ya soya, zilibe kanthu. Majarini ayi, muli madzi ndi mchere. Mafuta a ng'ombe amagwira, koma simoka ikakhalitsa osaigwiritsa ntchito amanunkha, ndipo nyerere ndi makoswe zimabwera kudzacheza. Olive oil musawononge ndalama, mlongo wanga angakuthamangitseni.

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, ndiye mvetserani bwino. Mafuta akhale ochepa. Ochepa zedi. Nyowetsani kansanza koyera, mupake mkati monse, pansi pa chivundikiro, mawaya, mu chumuni mpaka pamene dzanja lifika, kunja konse, miyendo yomwe. Mukatha tengani kansanza kena kouma, mupukute ngati mukufuna kuchotsa onse amene mwapaka aja. Otsalawo, amene akungochititsa chitsulo kunyezimira pang'ono, ndiwo akufunika. Mukaona kadontho kakutsetsereka m'mbali, achuluka.

Chifukwa chake ndi ichi. Mafuta opyapyala akatenthedwa nthawi yaitali sakhalanso mafuta, amauma n'kusanduka khungu lolimba lomamatira ku chitsulo, ndipo madzi ndi mpweya sizifikanso pansi pake. Mukadzapita ku Soweto mudzayang'ane chiwaya cha amayi okazinga vitumbuwa: chakuda bii, chosalala, dzimbiri mulibe, pamene penti sichinaonepo. Tikufuna zomwezo. Koma mafuta akachuluka amangouma pamwamba, pansi amatsala nanda-nanda, ndiye fumbi la Lusaka lonse limadzamatirira pamenepo, ndipo pakapita masabata fungo lake simungalikonde.

Tsopano moto. Yambani ndi malasha mu kabokosi, akagwira muziponyapo nkhuni zouma imodzi-imodzi. Chumuni chikhale chotsegula chonse, moto muziuwongolera ndi kachitseko ka mpweya ka pa kabokosi. Geji yoyezera kutentha ya pa chivundikiro ifike pa madigiri 120 a Celsius, kenako muikweze pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 150, ikhale pamenepo maola atatu kapena anayi. Ngati geji yanu ndi ya Fahrenheit, ndiye 250 mpaka 300. Magejiwa ena amanama, ndiye musanayambe imasuleni, muviike nsonga yake m'madzi owira. Kuno ku Lusaka tili pamtunda, mamita pafupifupi 1,300, moti madzi amawira pa 96, safika pa 100. Ikaonetsa pafupi ndi pamenepo, ikhulupirireni.

Poyamba utsi udzakhala woyera, wambiri, wonunkha mafuta. Musadandaule, ingochenjezani aneba ngati ayanika zovala. Pakapita nthawi umachepa n'kukhala wopyapyala, wobiriwira pang'ono ngati mtambo, wosaoneka bwinobwino. Mukadzatsegula itazizira, mkati mudzakhala mofiirira mokuda ngati uchi wopsa. Gwirani ndi chala. Pakakhala pouma, posalala, mwakhoza. Pakamamata, musawonjezere mafuta, onjezerani moto. Ine ndikanakhala inu ndikanabwerezanso Lamlungu, chifukwa kupaka pang'ono kawiri kumaposa kuthira zambiri kamodzi.

Nkhuni musangotola zilizonse. Musasa, mutondo, mopane, ngakhale nthambi zouma za mango kapena gwafa za kuseri kwa nyumba kwanu kuja, zonsezo zili bwino. Paini ayi, utomoni wake umasiya mwaye wowawa m'makoma. Matabwa opentedwa, mapaleti osadziwika kumene achokera, ndi mitengo ija yothiridwa mankhwala yomangira mipanda, zimenezo zisayandikire n'komwe.

Za penti. Mkati musapake penti ya mtundu uliwonse. Kunja mukhoza, koma ikhale ija yopirira moto, pa chitini amalemba madigiri 600 kapena kuposa. Penti wamba ya pa geti imatukusira tsiku loyamba lomwelo. Komabe ndikuuziretu, pa kabokosi ka moto ngakhale penti yodulayo imadzagonja, makamaka pamwamba ndi m'mbali mmene malawi amanyambita. Kabokosiko kamatentha kwambiri moti ndi khungu la mafuta lija limapserera. Ndiye kabokosi ndi ka tsiku ndi tsiku: mukatha kuwotcha nyama, moto ukuzilala, chitsulo chikadali chotentha, panani kansanza ka saladi ndi chopanira nyama, muyendetse pamwamba ndi m'mbali. Kadzafuka pang'ono, kadzada, basi mwamaliza. Mphindi ziwiri. Tinsanza tamafutato musatiunjike pakona m'galaja, tiponyeni pa moto womwewo.

Mwina wina akuuzani za boiled linseed oil ya ku hardware. Ena amapaka kunja, koma muli mankhwala oumitsa, si ya mkati. Ine ndimati saladi yakwana, botolo limodzi ntchito zonse.

Koma mdani weniweni, alamu, si mvula yogwa pamwamba ayi. Ndi phulusa. Mukukumbuka chidulo chimene amayi amacheza ku Katete, madzi a phulusa aja ophikira therere? Ndi ukali womwewo umene umabadwa phulusa likakhala mu kabokosi n'kukoka chinyezi. Limagwira madzi osauma, n'kumadya chitsulo kuchokera mkati, inu kunja mukungoona zonse zili bwino, tsiku lina pansi paboola. Masimoka enieni a ku Texas amapangidwa ndi chitsulo cha mamilimita 6, amapirira zaka zambiri. Dilamu wamba ndi milimita imodzi ndi kakang'ono, silimba nazo zimenezo. Choncho m'mawa mwake, phulusa likazizira, kokolani lonse, musesenso ndi kaburashi m'makona. Musatsuke ndi paipi ya madzi. Ndipo moto musamauzimitse ndi madzi, tsekani zitseko uzime wokha. Ngakhale mafuta a nyama atayaka mkati, mankhwala ake ndi kutseka chivundikiro, chumuni ndi kachitseko, osati ndowa.

Pansi pa mgolo waukulu payenera kukhala kabowo kotulutsira mafuta a nyama. Pa zithunzi sindinakaone. Ngati palibe, anyamata aja aboole, mukoleke kachitini kunsi.

Posunga, ikhale pakhonde kapena pansi pa shedi, miyendo pa njerwa, osati pa kapinga kapena pa dothi. Pulasitiki wakuda uja womanga ndi chingwe mpaka pansi ndimakana, chifukwa masana amatentha, usiku amachita thukuta mkati, chitsulo n'kugona chonyowa. Ngati mufunditsa, kunsi kukhale kotsegula kuti mphepo izidutsa. Pa chumuni vundikirani chitini kuti mvula isalowe, koma kachitseko ka mpweya kasiyeni kotsegula pang'ono. Mu Januwale ndi Febuluwale muzisuzumiramo, nthawi zina mumamera nkhungu yoyera. Mukaipeza si nkhani, kolezani moto waukulu, mupale, mupakenso. Ndipo mukadzaona timakoko takuda tikugwa kuchokera pansi pa chivundikiro, si penti, ndi mwaye wouma, ingopalani ndi kathabwa tisagwere pa nyama.

Nyama yoyamba musayambe ndi yodula. Ikani soseji, mapiko a nkhuku, kapena nkhumba ya mafuta, kuti utsi ndi mafuta ake zipitirize kudetsa mkati, inunso muphunzire mbali imene imatentha kwambiri, poti kufupi ndi kabokosi kumapsa msanga kuposa ku chumuni. Nyama ya ng'ombe ija mwasungira Khirisimasi idikire kaye. Munditumizireko chithunzi cha kunsi kwa kabokosi musanayambe kupala, ndione ngati anasiya mpata m'mizere. Burashi ya waya ndili nayo, mutume mwana adzatenge Lachisanu akaweruka kusukulu.