Pa inshuwalansi ya moyo mulembe ndani?

Achimwene, mwafunsa ngati pa inshuwalansi ya moyo mulembe akazi anu okha, kapena muwonjezerepo ana ndi mayi anu. Dziwani kuti tsiku lolipira, kampani imatsegula fomu imene munasaina. Zimene munanena pakamwa, kapena zimene achibale agwirizana pasiwa, siziwerengedwa.

Yambani ndi amene akudalira thumba lanu lero. Mutha kulemba anthu angapo, koma aliyense akhale ndi gawo lake, zonse zikwane 100 peresenti: mwachitsanzo akazi anu 40, ana awiri 25 aliyense, mayi 10. Dzina likhale monga lilili pa chiphaso cha unzika, pamodzi ndi tsiku lobadwa, nambala ya chiphaso ndi ubale wanu. Musalembe "ana anga" basi. Ngati pali mitala kapena mwana wina kunja, mawu awiriwo adzautsa mlandu. Ngakhale kusiyana kwa dzina kumachedwetsa ndalama, monga akazi anu kulembedwa dzina la kwanu pomwe chiphaso chili ndi la bambo awo.

Pa ana mpamene ambiri amalakwitsa. Mwana wosakwana zaka 18 sapatsidwa ndalama m'manja, choncho funsani malo olembapo womusungira. Sankhani munthu amene mwaona kale mmene amagwirira ndalama za eni, osati chifukwa ndi wamkulu pamtundu. Funsaninso ngati kampaniyo ingamatulutse ndalamazo pang'onopang'ono, monga za fizi teremu iliyonse. Chimene ndikukuletsani ndithu ndi kulemba mchimwene wanu kapena malume a ana kuti "adzagawira anawo". Mukatero, ndalamazo ndi zake, ndipo akakana kugawa, amasiye adzavutika kwambiri kuti azipeze.

Mukapanda kulemba munthu, kapena amene munamulemba akatsogola inu osasintha fomu, ndalama zimatha kulowa m'chuma cha masiye. Pamenepo zimayendera lamulo la 2011 la chuma cha omwalira, pamafunika makalata a kukhoti, miyezi imapita, ndipo amene munali nawo ngongole amabweranso. Nchifukwa chake fomu muziyiona nthawi iliyonse mukakwatira, banja likatha, mwana akabadwa kapena wina akamwalira. Mukasintha, tengani kalata yotsimikiza kuti kampani yalandira.

Ngati muli pa ntchito yolembedwa, inshuwalansi ya moyo ya kuntchito ndi penshoni zili ndi fomu yakeyake. Kaioneni kwa a HR (ofesi yoona za ogwira ntchito), mwina idakali ndi maina a nthawi imene munali mbeta. Ndipo ngati inshuwalansi munaipereka ku banki ngati chikole, banki imayamba yatenga zake.

Pomaliza penipeni pa ntchitoyi, uzani anthu awiri odalirika dzina la kampani, nambala ya policy ndi pamene mwasunga mapepala. Podzatenga ndalama padzafunika chiphaso cha imfa ndi ziphaso za amene munawalemba pa fomu. Kampani ikamazengereza popanda chifukwa, dandaulo limapita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi.