Odzaona malo kapena okaona malo? Mawu a paulendo wa kugombe

Funso: Ndikulemba za ulendo wanga kudera lina la m'mbali mwa nyanja yamchere, lamapiri ndi mitengo yothithikana. Ndalemba kuti "tinali alendo odzaona malo", koma mnzanga akuti ndaphonya. Chalakwika n'chiyani?

Yankho: Mnzanuyo ali ndi khutu labwino. Nkhani yagona pa timaphatikizo tiwiri, -dza- ndi -ka-. Tikati -dza-, munthuyo wabwera kuno, kumene kuli woyankhula. Tikati -ka-, wachoka kuno kupita kwina. Ndiye mwini bwato amene anakuwolotsani uja anganene bwinobwino kuti "awa ndi alendo odzaona malo", poti munamupeza kwawo. Koma inu mukulemba mutabwerera kwanu, choncho nenani kuti "tinapita kukaona malo". Musasokonezeke ndi -dza- wina wosonyeza zam'tsogolo, ngati mu "tidzapita". Awiriwa amatha kukumana m'chiganizo chimodzi: "Tidzabwera kudzaona mathithi." Zimandipweteka kuona olemba ambiri atazolowera "odzaona malo" mpaka kuiwala kudzifunsa kuti aima mbali iti.

Funso: Ndinawerenga chiganizo chakuti "tinasiya bwato n'kupita kumtunda, ndipo tinayenda mtunda wautali". Kodi uku si kubwereza mawu?

Yankho: Ayi, chiganizocho chili bwino. Kwa munthu amene ali pamadzi, kumtunda ndi kouma, kopondeka, ngakhale pakhale pamchenga pomwe pafika mafunde. Akangotsika m'bwato n'kuima pamchengapo, kumtunda kwasuntha: tsopano ndi kumene njira ikukwera kulowa m'mitengo, ndipo kumene wachokera ndi kumunsi. Mtunda wachiwiriwo ndi kutalika kwa ulendo, ngati tikamati "mtunda wa makilomita 12". M'dera lotere, momwe phiri limatsikira m'madzi mwenimweni, matanthauzo atatu onsewa mungawagwiritse ntchito m'mawa umodzi. Ngati mukuopa kuti owerenga asochera, pokwera nenani kuti chitunda, potsika mtsetse.

Funso: Gombe ndi doko n'chimodzimodzi?

Yankho: Gombe ndi m'mphepete monse mwa madzi, kaya muli mchenga, miyala kapena phompho. Doko ndi malo okocheza bwato kapena sitima. Gombe lamiyala likhoza kutalika kwambiri koma lopanda doko ndi limodzi lomwe.

Funso: Ndilembe kuti tinadutsa m'tchire kapena m'nkhalango? Nanga "maphiri" ndi "mathanthwe" zili bwino?

Yankho: Ngati mitengo inali italiitali, yolukana kumwamba mpaka dzuwa osafika pansi, imeneyo ndi nkhalango, ndipo mutha kuwonjezera kuti yowirira. Mukati tchire, owerenga aona udzu ndi zitsamba, malo osalimidwa basi, ndiye mwawamana mthunzi ndi chinyontho chimene munayendamo.

Pa mawu awiri enawo, chotsani h woyamba. Mayina angapo a gulu la li-ma amataya kampweya kameneka tikamanena zambiri: phiri, mapiri, thanthwe, matanthwe, phanga, mapanga, khwawa, makwawa. Ikani chikhatho pafupi ndi pakamwa, munene "phiri" kenako "mapiri". Mpweya umene ukuwombani pa liwu loyambalo simuumva pa lachiwiri.