Chifukwa chimene madokotala akufunira kubayanso chiwindi cha mlongo wanu

Mayi wina wa ku Mchinji wanditumizira imelo yonena kuti mlongo wake wa zaka 22 anamupeza ndi chotupa m'chiwindi, ndipo atamubaya ndi singano kuti atengeko maselo okayeza, zotsatira sizinatchule mtundu wa nthendayo, moti madokotala akufuna kumubayanso. Akufunsa ngati pali amene analakwitsa.

Mayi, ndikumvetsa kuti mtima uli m'mwamba, koma zotere zimachitika ngakhale ntchito itagwiridwa bwino. Singano yopyapyala imangoyamwa timaselo tomwazikana, timene amatipaka pa kagalasi, n'kutithira utoto, kenako n'kutiyang'ana pa maikulosikopu. Zili ngati kupatsidwa njerwa zochepa m'manja n'kufunsidwa kuti khoma lake linamangidwa motani. Nthawi zinanso singano imalowa pakati pa chotupa pomwe maselo anafa kale, ndipo pa kagalasipo pamangooneka magazi ndi zinyenyeswa.

Khansa ya chiwindi yofala kwathu kuno ndi hepatocellular carcinoma, imene kawirikawiri imatsatira matenda a hepatitis B, ndipo chuku chimene chimagwira mtedza ndi chimanga zosauma bwino chimawonjezera chiopsezo chake. Koma msinkhu wa mlongo wanu umachititsa dokotala wosamala kuganiziranso mitundu yosowa. Pali fibrolamellar carcinoma, imene imagwira achinyamata a chiwindi chabwinobwino, ndipo poyeza magazi, chizindikiro chotchedwa AFP, chimene chimakonda kukwera pa khansa yofala ija, nthawi zambiri sichikwera. Maselo ake ndi aakulu, koma chimene chimaidziwitsa kwenikweni ndi timizere ta minyewa yolimba todutsa pakati pa maselowo, ndipo timizereto singano yopyapyala imatha kutisiya m'mbuyo. Palinso angiosarcoma, yochokera m'mitsempha ya magazi, cholangiocarcinoma, yochokera m'timachubu ta ndulu, komanso zotupa zimene zinayambira kwina, monga m'matumbo, n'kufalikira ku chiwindi.

N'chifukwa chake ulendo wachiwiri amakonda singano yokulirapo, yodula kachidutswa ka mnofu konga kaulusi, kamene kamaonetsa mmene maselo anayalirana, ndipo kamakwanira kuyezedwa ndi utoto wapadera, monga arginase-1 wozindikira maselo a chiwindi kapena CD31 wozindikira a mitsempha ya magazi. Ine ndikuona kuti dokotala amene wakana kutchula dzina la nthenda asanatsimikize wateteza mlongo wanu, pakuti fibrolamellar ikapezeka isanafalikire imachotsedwa ndi opaleshoni, pomwe zotupa zina zimafuna thandizo losiyaniratu.

Musazengereze kubwerera kuchipatala. Asanamubaye, funsani ngati ayeza mmene magazi ake amaundanira, chifukwa chiwindi chimatha kukha magazi. Funsaninso ngati adzalondolera singanoyo ndi makina a sikani, ndipo mutenge mapepala onse a zotsatira zoyamba, pamodzi ndi a hepatitis B ngati anayezedwa.