Ng'oma ili ndi eni ake

Mdzukulu wanga wa ku Jali, wandifunsa kuti poti ahedi akupatsa gulu la magule pasukulu, uyambire pati. Ukuti ana akukakamira manganje ndi Gule Wamkulu, uwalole kodi?

Ana abakadikira. Yamba wapita kwa amfumu, ukagwade, ukanene zimene ukufuna. Iwo akakulozera woimba ng'oma wa m'mudzimo ndi amayi odziwa kutsogolera nyimbo. Ine ndatsogolera beni zaka zambiri, wezulo pakamwa, koma ng'oma sindinaigwirepo pabwalo. Inali ndi mwini wake. Munthu ameneyu umulemekeze, ya sopo isamusowe, ndipo umupatse nthawi awambe ng'oma pamoto, amate phula. Zoika sipika ndi foni m'malo mwake ndakana. Mwana akaphonya sitepe, sipika imangopitirira, pomwe woimba ng'oma amaona mwendo n'kuudikira.

Ana uwayambitse ndi beni. Gule ameneyu anafala ndi asilikali a King's African Rifles pobwera kunkhondo ya 1914 mpaka 1918, n'chifukwa chake muli kuguba, mamendulo ndi maudindo onga a kubalaki. Ukapeza mpata upite nawo akaone chipilala cha asilikali pafupi ndi Cobbe Barracks. Akabwerako, beni wawo adzakhala wina.

Manganje ndi a chisangalalo cha chinamwali, anyamata akamatuluka kundagala. Zilipo nyimbo zoimba pagulu, zilipo zina zosayenera kumveka pabwalo la sukulu pali ana a sitandade 2. Wekha sungazisiyanitse. Ukhale pansi ndi anankungwi akusankhire.

Za Gule Wamkulu ndiye iwalako. Ndikudziwa kuti UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inamulemekeza mu 2005, monga inachitiranso ndi tchopa cha Alhomwe mu 2014, koma ulemu umenewo sunatsegule dambwe. Mwana wosameta sangavale za gule kuti asangalatse alendo. Ngati sukulu ikumufuna pamwambo, amfumu a eni gule ndiwo apemphedwe, abwere nacho chilombo okha, achiperekezenso okha.

Chinanso, Zomba muno muli a kumzikiti, a mipingo yosiyanasiyana, Ayao, Alhomwe, Amang'anja. Kholo likakaniza mwana wake kuvina, usakangane nalo, ndipo mwanayo asasekedwe. Mayeselo azitha dzuwa lili m'mwamba, atsikana akafike kwawo kukuwala, makamaka a kutali kumbali ya Chilwa.