Tilembe "wadulidwa" kapena "walangidwa"?

Funso: Ndine mlembi wa bwalo la akulu ampingo ku Area 25. Tili ndi mkhristu amene tamuyendera katatu pa nkhani ya kuledzera, koma sakusintha. Bwalo lagamula kuti asadye Mgonero. Tsono m'buku ndilembe chiyani? Ena akuti "wadulidwa", ena "walangidwa", wina akuti "wachotsedwa".

Yankho: Bambo mlembi, "wachotsedwa" musiyeni kaye. Munthu wochotsedwa dzina lake limafafanizidwa m'kaundula, ndipo mpingo umasamba m'manja. Monga mwafotokozera, bwalo lanu silinagamule zimenezo. Lamuletsa pa gome lokha, koma Lamulungu abwera ndithu kudzakhala pa benchi.

"Wadulidwa" ndilo liwu limene akhristu ambiri kuno m'chigawo chapakati adazolowera, makamaka a CCAP, ndipo mukalilemba aliyense amva. Koma limawopsa kuposa chimene chachitika. Ena akalimva amaona nkhwangwa ndi mtengo uli gonegone. Ine ndimakonda kuliona monga timaonera kudula madzi. A Lilongwe Water Board akakudulirani, safukula mapaipi. Mpopi uli pomwepo, wangouma, ndipo mukakonza mbali yanu amadzalumikizanso. N'chifukwa chake liwuli lili ndi mnzake: wodulidwa akalapa amabwezedwa. (Samalani polemba: "wadula" ndi nkhani ina. Tomato ndiye amadula ku msika.)

Tsono "walangidwa". Apa ndipo pali nkhani. Masiku ano tikamva kulanga timaganiza za chikwapu, chindapusa kapena ndende ya Maula. Komatu kumudzi anamkungwi akamalanga namwali sakumukhaulitsa ayi, akumuphunzitsa mwambo. Tsinde lomweli ndilo labala chilango, malangizo ndi alangizi. Ngakhale Sinodi ya Nkhoma, pofuna mwambo wachikhristu wolowa m'malo mwa chinamwali, idautcha Chilangizo. Pa Ahebri 12:6, pamene akuti Ambuye amalanga amene amamukonda, liwu la Chigiriki limachokera ku "mwana", ndipo limanena za kulera. Chichewa chathu chidagwiriratu zonse ziwiri m'liwu limodzi, kuwawa ndi kuphunzitsa. Kungoti ife eni ake tataya theka lake.

Ndikadakhala ine ndi cholembera chanucho, ndikadalemba chimene chachitikadi: "Waimitsidwa kudya Mgonero kufikira atalapa, ndipo akulu awiri azimuyendera." Kuimitsa kumasonyeza kuti ulendo sunathe. Ngati malamulo a mpingo wanu akufuna liwu loti "wadulidwa", lilembeni, koma mbali yachiwiri ija musaisiye. Pa Mateyu 18:15-17 mlandu sufika kumpingo usanadutse pa kukambirana awiriwiri, kenako ndi mboni imodzi kapena ziwiri. Ndipo Paulo yemwe adalamula Akorinto kuti amuchotse pakati pawo munthu amene ankakhala ndi mkazi wa bambo ake (1 Akorinto 5), ndi yemwenso pa 2 Akorinto 2 akuwauza kuti wolangidwa amukhululukire ndi kumutonthoza, angamizidwe ndi chisoni. Buku lanu likangolemba kudula kokha, mlembi wodzalowa m'malo mwanu adzayesa kuti munthuyo mudamutaya.

Funso: Ndine mayi wa chigwirizano ku Kawale. Abusa polalikira anati pali kusiyana pakati pa munthu amene "wachimwa" ndi amene "akumachimwa". Kodi si chimodzimodzi?

Yankho: Amayi, abusa anuwo Chichewa amachidziwa. Kusiyana konse kwagona pa kamphatikizi kakang'ono, -ma-. "Waledzera" ndi za lero. "Akuledzera" ndi zimene zikuchitika pakadali pano. "Amaledzera" ndi khalidwe lake, aliyense m'dera akudziwa. Koma "akumaledzera" ali ndi kakomedwe kakekake: akutiuza kuti chizolowezichi chayamba masiku ano omwewa, ndipo woyankhulayo akudabwa nacho. Mayi akauza mkulu wampingo kuti "abambo kunyumba akumabwera usiku", sakunena za usiku umodzi, komanso sakunena kuti adali otero chikwatiranireni. Akutsina khutu madzi akadali m'nkhongono.

Tikafuna kuonjeza mphamvu timabwereza tsinde: kuchimwachimwa, kapena kuchimwirachimwira, kumene kumamveka ngati munthu akumirabe. Ndipo taonani mmene timasankhira aneni. Wochimwa kamodzi timati "wagwa", ngati waterereka pa matope. Wokakamira timati "akusambira m'machimo" kapena "waumitsa mtima". Wakugwa timamudzutsa, monga Agalatiya 6:1 akunenera za kubweza mnzathu mofatsa. Woumitsa mtima ndiye amene amafika pa bwalo la akulu.

Chinanso, popeza mwandifunsa za ulaliki: kupepesa si kulapa. Timapepesa kwa munthu, ndipo pakamwa pokha pakhoza kukwanira. Kulapa ndi kusiyiratu. Kumbukirani mwana akamalira pokwapulidwa kuti "ndalapa, sindidzachitanso". Akuti waleka.

Funso: Mwana wanga walemba "matchimo", aphunzitsi amuthetha. Si paja timati "tchimo"?

Yankho: Aphunzitsiwo sanalakwe. Limodzi ndi tchimo, ambiri ndi machimo. Mayina ambiri a gulu la Li-Ma amafewa chonchi ma- akabwera kutsogolo: tsamba, masamba, dzira, mazira, khasu, makasu, phiri, mapiri. Mneni nayenso alibe t: kuchimwa, wochimwa. Ngati kunyumba muli ndi Buku Lopatulika lakale lija la agogo, lomwe lidatuluka koyamba mu 1922, mupezamo "macimo" wopanda h, chifukwa nthawi imeneyo c yekha ankaimira ch. Mwanayo asakatengere zimenezo pa mayeso.