Za batani lomwe likugwedezeka kamodzi kokha lija

Achimwene, mwati batani la "Gulani" pa webusaiti ya shopu yanu ya khofi limagwedezeka mukalidina koyamba, kachiwiri lili zii, pomwe JavaScript yanu ikuchotsa class (dzina lomwe limauza batanilo kuti ligwedezeke) n'kuibwezeranso. Khodiyo sinalakwike kwenikweni, yangofulumira kwambiri.

Browser, pulogalamu yotsegulira mawebusaiti monga Chrome, ili ngati mlonda wozungulira nyumba. Inu mwatsegula chitseko n'kuchitsekanso iye ali kuseri. Akafika apeza chili monga anachisiyira, ndiye kwa iyeyo palibe chachitika. Browser imajambula sikirini pafupifupi ka 60 pa sekondi, ndipo mizere yanu iwiriyo imatha isanacheuke n'komwe. Muikakamize kuyang'ana:

batani.classList.remove("gwedeza");
void batani.offsetWidth;
batani.classList.add("gwedeza");

Mzere wapakatiwo ukuoneka ngati wopanda ntchito, koma musauchotse. Umafunsa kukula kwa batani, ndipo kuti browser iyankhe imayenera kuwerengeranso pompo, n'kuona kuti class yachoka. Ine pandekha ndimakonda kutchera khutu ku "animationend", chizindikiro choti kugwedezeka kwatha, n'kuchotsa class pamenepo, kuti wina akadzadinanso ipezeke kulibe kale. Komatu munthu akadina kawiri mothamanga, kudina kwachiwiriko kupita pachabe.

Muonenso ngati simukubisa chinthucho ndi display: none. Izi zinandigonetsa mochedwa mu Juni ku Luwinga, kukuzizira koopsa, zala zitauma, ndikukonza menyu ya pa webusaiti ya loji ina. Ndinkafuna izituluka pang'onopang'ono, iyo n'kumangoti balamanthu. Transition, yomwe imasintha maonekedwe a chinthu pang'onopang'ono, imafuna poyambira, ndipo chinthu chomwe chinali none chilibe poyambirapo. Nditasintha n'kuika opacity ndi visibility, zomwe zimabisa chinthu osachichotsa pamalo pake, zinatheka nthawi yomweyo.

Zikayamba kuyenda musakhutire ndi laputopu yanuyo. Makasitomala anu ambiri adzatsegula pa itel kapena Tecno, mwina ali pa kabaza kuchokera ku Chibavi. Mukamasuntha chinthu ndi left kapena width, foni imawerengeranso malo a zinthu pa sitepe iliyonse, ndiye chimayenda modukizadukiza. Gwiritsani transform, yomwe imasuntha chinthu popanda kuwerengeranso malowo.

Mu Chrome dinani F12, pitani pa More tools, musankhe Animations, muchepetse liwiro kufika pa 10%. Pamenepo muona ndi maso ngati yayamba kapena ayi. Ikakanabe, tiponyereni CSS yonse muno, makamaka dzina la @keyframes, pomwe munalemba kagwedezekedwe kake, chifukwa "Gwedeza" ndi "gwedeza" kwa browser ndi anthu awiri osadziwana.